Pampu yatsopano sichiza madzi a mchenga

Kwa otsuka galimoto pa Chitakale, pa boma la Mulanje ndi ku Limbuli kufupi ndi chipata cha Muloza, dzinja ndiyo nyengo ya ndalama, pakuti matope ofiira a m'misewu yodutsa m'minda ya tiyi amakakamira ku maminibasi, malole ndi njinga zamoto za kabaza. Nyengo yomweyi ndi imene makina otsukira ndi madzi a mphamvu amafooka, ndipo mwini wake akangoona kuti presha yatsika, kawirikawiri amathamangira ku Limbe kukagula pampu ina asanafunse chimene chapha yakale.

Pampu ya makina a bizinesi, yomwe amakaniko amaitcha triplex, ili ndi mapisitoni atatu a ceramic amene amakankha madzi mosinthana kudzera m'mavalavu asanu ndi limodzi, ndipo timphira tozungulira mapisitoniwo ndi timene timatsekereza madzi kuti asalowe mu oyilo. Madzi otungidwa mu Ruo kapena mu Muloza mvula itagwa amabwera ndi mchenga wosalala umene umadya timphirati pang'onopang'ono. Choopsa china ndi kuperewera kwa madzi: thanki ikauma kapena paipi yolowetsa madzi ikakhala yopapatiza, mkati mwa pampu mumabadwa tithovu timene timaphulika ndi kukumba chitsulo, vuto limene akatswiri amalitcha cavitation, ndipo limadziwika ndi kugogoda kwa pampu ndi kunjenjemera kwa paipi. Palinso chizolowezi chosiya injini ikulira pamene wotsuka akukambirana mtengo ndi dalaivala, pomwe valavu yotchedwa unloader imangozunguza madzi omwewo mkati mpaka atentha ndi kuwononga timphira m'mphindi zochepa.

N'chifukwa chake kutsika kwa presha pakokha si umboni woti pampu yatha. Kamwa la mfuti yopopera, lotchedwa nozzle, likakula chifukwa chodyeka, presha imatsika ngakhale pampu ili bwino, ndipo mavalavu ndi timphira zimagulidwa pazokha pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pampu yathunthu, umene unakwera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kusintha pampu yonse kumayenera pamene mutu wake wa mkuwa wang'aluka, kapena pamene oyilo wayera ngati mkaka kwa nthawi yaitali mpaka mabering'i ndi shafiti ya mkati zadyeka.

Zikafika pamenepo, pampu yatsopano iyenera kugwirizana ndi injini, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimatayika. Injini ya petulo ngati Honda GX390 imazungulira pafupifupi ka 3,400 pa mphindi, pomwe mamota ambiri a magetsi a makinawa amazungulira ka 1,450, kotero pampu yopangidwira mota ikalumikizidwa mwachindunji ku injini ya petulo sikhalitsa. Kukula kwa shafiti nako kumasiyana, popeza ya GX200 nthawi zambiri imakhala magawo atatu mwa anayi a inchi pomwe ya GX390 imakhala inchi yathunthu, ndipo nzeru yake ndi kunyamula pampu yakale popita kukagula kuti mabowo a mabawuti ayerekezedwe pamaso. Mphamvu iyeneranso kukwana, chifukwa pampu yotulutsa malita 15 pa mphindi pa mabala 200, poti bala ndi muyeso wa presha, imafuna mota wa makilowati oposa asanu. Dzina la kampani ya ku Italy monga Annovi Reverberi kapena Interpump silithandiza kanthu manambalawa akasemphana.

Kumanga kwenikweni si ntchito yovuta: shafiti imapukutidwa ndi kupakidwa girizi, kiyi wake amabwezeredwa m'malo mwake, ndipo mabawuti amalimbitsidwa mopingasa. Chimene ambiri amaiwala ndi kuchotsa chitsekerero chimene pampu imabwera nacho n'kuikapo chopumira mpweya, kutulutsa mpweya m'mapaipi injini isanalizidwe, ndi kusintha oyilo woyamba pakatha maola 50.

Wotsuka galimoto amene akukonzeka kugula pampu dzinja lino ayambe wagula sefa ya paipi yolowetsa madzi ndi thanki yoti matope azidikhiramo, chifukwa popanda ziwirizi pampu yatsopanoyo idzafa imfa ya yakale.