Intaneti ifike kumudzi, tileke kudalira kandimverere

Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Wotuma mnzake kukamumvera nkhani amalandira zotsalira, mwinanso zopotoka. Ndi mmene akhalira mlimi wa soya ku Mchinji amene sadziwa mtengo wa ku Lilongwe kufikira venda atafika ndi sikelo yake. Thukuta la chaka chonse amaligulitsa pa mtengo wouzidwa, pamene mnzake wa intaneti pafoni amayamba wadzimvera yekha.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Komatu kumeneko ndiko munthu amakwera pachulu posaka netiweki, ndiko kutchaja foni kumalira ulendo wa kumsika. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, ana ena a m'tauni adapitiriza kuphunzira pa intaneti. Akumudzi adangokhala, ndipo atsikana ena adalowa m'banja asadakhwime. Zimenezi zimandiwawa mtima kufikira lero. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikamutaya tsopano, ndiye namwino amene tidzamusowe mawa.

Poyambira palipo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, kuti netiweki ifike kumene makampani saonako phindu. ESCOM nayo idayala mawaya a faiba kulumikiza maboma. Zoona, dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere, ndipo intaneti imadzera kwa anansi athu, Tanzania ndi Mozambique, motero mtengo umakwera. Koma msonkho wa 10 peresenti umene udaikidwa pa data mu 2015 tidauika ndi manja athu omwe. Mutu umodzi susenza denga: boma lichepetse mtolo, Airtel ndi TNM amange nsanja kumidzi, mafumu apereke malo ndi kuletsa akuba mabatire ndi odula mawaya.

Tisaiwale kuti walira mvula walira matope. Pamodzi ndi intaneti pamabwera atsizinamtole oimba foni kuti mwawina mphoto, n'kupempha nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Pamabwera miseche yothamanga pa WhatsApp, yotha kupasula banja dzuwa lisanalowe. Safunsa adadya phula. Inu agogo, musachite manyazi kufunsa mdzukulu musanadine batani. Inunso achinyamata, aphunzitseni akulu modekha, monga iwo adakuphunzitsirani kugwira khasu, ndipo musatumize kwa ena nkhani imene simudaitsimikize.

Tsono inu mafumu, makhansala ndi aphungu athu, mukakhala pansi kukambirana za chitukuko cha dera, lembani netiweki ndi magetsi pamodzi ndi mjigo ndi mlatho, ndipo mukafunse ku MACRA kuti ndalama za thumba lija zidzafika liti kwanu.