Ngolo ya mabuku ifika liti ku Luwawa?

Anthu oyang'anira malaibulale m'dziko muno ali ndi bungwe lawo, Malawi Library Association, lomwe linabadwa mu 1976. Bungweli limakhala nawo mu SCECSAL, msonkhano wa mabungwe a malaibulale a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, womwe unayambira ku Dar es Salaam mu 1974 ndipo mu 2014 unachitikira konkuno ku Lilongwe. Pamwamba pa onsewa pali IFLA, bungwe la dziko lonse lapansi, lomwe linakhazikitsidwa ku Edinburgh mu 1927. Ine sindikudana nawo maubale amenewa ayi. Paja akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma tinene zoona abale anga, kalumo kameneka kameta mutu wa yani? Mwana wa ku Luwawa, kumwera kwa Mzimba, amene sukulu yake ili m'mbali mwa nkhalango ya paini ya Viphya, wapindulapo chiyani?

Inu amene munathawa kwanu nthawi ya chipani chimodzi, mukakhala ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku London, munaona nokha munthu wamba akulowa mu laibulale, kutenga buku lomwe akufuna, popanda womulondalonda. Kuno nthawi imeneyo kunali Censorship Board ndi lamulo lake la 1968, ndipo buku limaopedwa ngati mfuti. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nakakhala ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991, ndipo phokoso la alembi a maiko akunja linathandiza kuti chitseko chitseguke. Choncho munthu asatinamize kuti kugwirizana ndi akunja n'kopanda ntchito. Tinaona ndi maso kuti kumagwira. Chomwe chikundiwawa n'chakuti Censorship ija inaletsa buku ndi lamulo, koma ife lero tikuliletsa ndi mtunda.

Mu 1994, chaka chomwe tinaponya voti ya matipate, UNESCO ndi IFLA anatulutsanso chikalata chawo cha malaibulale a anthu onse. Mfundo yake njakuti laibulale itumikire aliyense mosayang'ana msinkhu, mtundu kapena chiyankhulo, ndipo kuwerenga kukhale kwaulere. Mawu abwino zedi. Nanga ku Mzimba, komwe anthu amayankhula Chitumbuka, chiyankhulo chomwe chinachotsedwa pa wailesi mu 1968 n'kudzabwerera mu 1994, mabuku a m'chiyankhulochi ali kuti? Mabuku omwe abwenzi monga Book Aid International amatumiza tikuthokoza, koma ambiri ndi a Chingerezi. Agogo a ku Embangweni, kumene Donald Fraser anatsegula mishoni mu 1902 ndipo anthu anadziwa kuwerenga kalekale, awerenga chiyani kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo?

Tikamafanizira malaibulale athu ndi a anzathu, timakonda kuloza ku Ulaya, kenako n'kugwa mphwayi kuti ife ndife osauka. Kumeneko ndiye kudzinamiza. Tiyeni tiloze pafupi. Ku Kenya, bungwe la boma loona za malaibulale linayamba mu 1996 kunyamula mabokosi a mabuku pa ngamila m'dera louma la Garissa, kutsata abusa a ziweto kumene ali. Ku Zimbabwe, m'boma la Nkayi, bungwe la Rural Libraries and Resources Development Programme linayamba m'zaka za m'ma 1990 kuyendetsa mabuku pa ngolo zokokedwa ndi abulu, sukulu ndi sukulu. Amenewa si azungu, ndi anzathu omwe timakhala nawo pa tebulo limodzi ku SCECSAL. Ndiye taganizani, Mzimba ndi dziko la Angoni, dziko la ng'ombe ndi ngolo. Ngolo imasenza chimanga, fodya, njerwa, ngakhale wodwala kupita naye kuchipatala. Bokosi la mabuku lokha ndiye lalemera?

Ena anena kuti ndalama palibe. Pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015, dziko lonse linalira, ndipo abwenzi akunja anatumiza mabuku mwachangu. Zinayenera kutero. Koma yunivesite ili ndi pakamwa, ili ndi mapulofesa odziwa kulemba kalata ku America. Sukulu ya pulaimale ya ku Luwawa laibulale yake singapse, chifukwa moto suotcha chinthu chomwe kulibe, ndiye palibe amene adzailirire. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967, ndipo dzina lake likuti ndi ya fuko lonse, osati ya mizinda itatu yokha.

Ine pempho langa kwa a MALA ndi ili. Ulendo wina mukapita ku msonkhano wa kunja, mukafunse anzanu a ku Nkayi kuti ngolo imodzi imadya ndalama zingati pachaka, woyendetsa amamulipira ndani, mabuku amawateteza bwanji ku mvula. Mukabwerako musakathere mu hotela ku Lilongwe. Mubwere pa boma pa Mzimba, pa Jenda ndi pa Embangweni, mudzafotokozere aphunzitsi, mafumu ndi makhansala m'chiyankhulo chomwe amamva. Nanunso aphungu a kumwera kwa Mzimba, pa ndalama za CDF zija mupatuleko za ngolo imodzi, ng'ombe ziwiri ndi mabokosi a malata, tiyambire pa msewu wafumbi wochoka pa M1 kulowera ku Luwawa.