Tiyambe ndi joystick imodzi

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 okonda sayansi akhala akufunsa ngati munthu angayambe kuphunzira kuyendetsa ndege pa kompyuta, ndipo ngati n'zotheka, agule chiyani. Makolo ena akangomva nkhaniyi amati awa ndi magemu basi, ngati mpira uja anyamata amasewera pa sikirini kumsika mpaka dzuwa kulowa. Ife tikuti sukulu ilole maphunzirowa mu chipinda cha makompyuta, ndipo ndalama zochepa zomwe zingapezeke zigule joystick imodzi yolimba. Zida zina zokongola zija zidikire kaye.

Nkhawa ya makolo ndi yomveka, ndipo tinene poyera zomwe pulogalamu yotere singachite. Maola amene mwana wakhala pa kompyuta ya kunyumba kapena ya pasukulu sawerengedwa pofuna laisensi. Malamulo a bungwe la ICAO, omwe mayiko ambiri amatsatira, amafuna maola osachepera 40 ophunzira kuuluka munthu asanalandire laisensi yoyamba, ndipo wofuna kulembedwa ntchito amafunika maola 150 mpaka 200. Ndalama zake n'zambiri, ndipo Amalawi ambiri oyendetsa ndege anakaphunzira kunja, monga ku South Africa ndi ku Ethiopia. Amene angauze mwana kuti kompyuta imupatsa ntchito ku Malawi Airlines akumunamiza.

Komabe njira yophunzirira pansi si yachilendo. Edwin Link wa ku America anapanga makina ake oyerekezera ndege mu 1929, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali ambirimbiri anaphunzirira m'menemo kuuluka osaona kunja. Lero makampani a ndege amatumiza oyendetsa awo ku makina otere pafupipafupi kuti akayesedwe. Chomwe chasintha n'chakuti gawo lina la maphunzirowa tsopano likukwana mu laputopu.

Phindu lake kwa mwana wa MSCE tilione ndi ulendo umodzi. Kuchoka pa bwalo la Chileka kufika pa boma la Mulanje, mu mzere wowongoka, ndi makilomita pafupifupi 70, kulowera kum'mwera chakum'mawa. Ndege yaing'ono ya Cessna 172, yomwe sukulu zambiri za ndege zimaphunzitsira, imayenda makilomita pafupifupi 200 pa ola. Mwana awerengere yekha kuti ulendowo ndi wa mphindi 20 ndi pang'ono. Kenako aike mphepo ya mwera yowomba kuchokera kutsogolo, aone mphindi zikuchuluka ndi mafuta akutha msanga. Aike mphepo yochokera m'mbali, aone kuti akaloza mphuno ya ndege ku Mulanje akathera kwina, ndipo mavekita aja amawajambula mu kope osadziwa ntchito yake ayamba kumveka. Nambala 10 ndi 28 zolembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege pa Chileka ndi madigiri a kampasi, pafupifupi 100 ndi 280. Akanyamuka adutsa pafupi ndi phiri la Ndirande, Chiradzulu ali kumanzere, ndipo ayenera kuzizindikira pa mapu. Iyi ndi Jogalafe.

Phiri lathu limapereka samu yabwino koposa. Bwalo la Chileka lili pa mafiti pafupifupi 2,550 kuchokera pa nyanja yamchere. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, omwe ndi mafiti pafupifupi 9,850. Wofuna kudutsa pamwamba pake mosamala akwere mpaka mafiti 11,000. Tiyerekeze kuti ndegeyo ikukwera mafiti 500 pa mphindi: pafunika mphindi 17 za kukwera kokhakokha. Ndipo mwanayo adzaona kuti akamapita m'mwamba ndege imakwera mwaulesi, chifukwa mpweya wapepuka ndipo injini ndi mapiko zikusowa chogwira. Mphunzitsi wa Fizikisi akhoza kufotokoza zimenezi pa bolodi kwa sabata yathunthu, koma mwana amene wakoka joystick mpaka ndege kusiya kuuluka n'kugwetsa mphuno saiwalanso.

Pali phunziro lina lomwe ife a kuno tiyenera kulimva kuposa ena. Tonse timadziwa m'mene chiperoni chimabwerera: m'mawa Chambe akuoneka bwinobwino, pofika masana phiri lonse lasowa ngati silinakhaleko. Woyendetsa ndege akalowa mu mtambo wotere, thupi lake limamunamiza. Khutu lam'kati limamuuza kuti ali chilili pamene ndege yapendekera, ndipo akakhulupirira thupi m'malo mwa zida za kutsogolo kwake amazungulira mpaka pansi. Mu 1954 ku University of Illinois anayesa oyendetsa 20 omwe sanaphunzire kuuluka ndi zida zokha, ndipo pa avareji ndege inawapulumuka m'masekondi 178. Chida choyezera kutalika nachonso chimadalira nambala ya kulemera kwa mpweya yomwe woyendetsa waika. Akalakwitsa ndi 10 mokweza, ndege imakhala mafiti pafupifupi 300 pansi pa pomwe iye akuganiza. Pafupi ndi phiri, mafiti 300 ndi moyo wa anthu.

Dziko lino silinaiwale za pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8 anamwalira. Sitikutchula izi kuti ana azisewera ndi ngozi pa sikirini, ndipo mwana wogwetsa ndege dala kuti anzake aseke achoke pa mpando tsiku limenelo. Tikutchula chifukwa dziko lamapiri ndi chifunga ngati lathu likufunika achinyamata odziwa kuwerenga nyengo, mapu ndi zida, odziwanso kuti kubwerera kumene wachokera ndi chisankho chololedwa.

Tsopano za zogula. Kiyibodi ndi mausi tizichotse msanga pa nkhaniyi. Batani la kiyibodi limadziwa zinthu ziwiri zokha, kudinidwa ndi kusadinidwa, pamene ndege imafuna kukhudzidwa pang'onopang'ono. Mwana wophunzira ndi kiyibodi amazolowera kugwedeza ndege uku ndi uku. Padi ya PlayStation kapena ya Xbox, ngati ilipo kale panyumba, ndi yabwinopo, ndipo palibe chifukwa choiderera. Vuto lake n'lakuti kamtengo kake n'kakafupi, chala chikangosuntha pang'ono ndege yatembenuka kwambiri.

Mkangano weniweni uli pakati pa yoke ndi joystick. Yoke ndi chiwongolero chija chogwira ngati cha galimoto, chomwe umatembenuza komanso kukankha ndi kukoka. Ophunzira ambiri amakonda chimenechi, ndipo ali ndi mfundo: Cessna 172 ili ndi yoke, ndipo Boeing 737 ndi Dash 8 Q400 za Malawi Airlines zilinso ndi yoke. Zida monga Honeycomb Alpha zimaoneka ngati zachotsedwa mu ndege yeniyeni. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yoke payokha siwongolera mchira wa ndege, choncho pafunikanso zopondera za mapazi, ndipo nthawi zina throttle yoonjezera mphamvu ya injini imagulidwa payokha. Zida zakhala zitatu. Imafunanso tebulo lolimba lomangirirapo, ndipo kuimasula ndi kuimanga tsiku lililonse kuti kalasi ya kompyuta ipitirire ndi njira yachidule yoithyolera. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense akudziwa mtengo wa katundu wochokera kunja.

Joystick ndi chida chimodzi, waya umodzi wa USB. Zotchuka ziwiri za oyamba kumene, Logitech Extreme 3D Pro ndi Thrustmaster T.16000M, zili ndi throttle pa thako pake, ndipo ukapotokola chogwiriracho umawongolera mchira. Amene akuti iyi si ndege yeniyeni akumbuke kuti Airbus A320 imayendetsedwa ndi kamtengo ka m'mbali, ndipo ndege zophunzitsira monga Diamond DA40 ndi Sling 2, yomwe imapangidwa ku Johannesburg, zili ndi kamtengo pakati pa miyendo. Sitikudziwa ndege yomwe mwana adzayambire, ndipo oyendetsa amasintha kuchoka pa yoke kupita pa kamtengo popanda vuto lalikulu.

Pa ziwirizi ife tingasankhe T.16000M, pa zifukwa za kuno kwathu. Logitech imayeza kusuntha kwa dzanja ndi tizitsulo tokhudzana, tomwe timaperepeseka ndi kulowa fumbi, ndipo pakapita nthawi ndege imayamba kunjenjemera yokha dzanja lili phe. T.16000M imayeza ndi maginito, popanda zokhudzana, pa mayendedwe akuluakulu a kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Pa chida chogwiridwa ndi manja ambiri, mu fumbi la October ndi chinyezi cha January, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Imasinthikanso kuti igwiridwe ndi dzanja lamanzere. Izi sizothandiza amanzere okha: wophunzira mu Cessna amakhala mpando wa kumanzere, dzanja lamanzere pa chiwongolero, lamanja pa throttle. Ngati Logitech ndi yomwe yapezeka pa mtengo wabwino, igwira ntchito ndithu. Wachibale wa ku South Africa akapeza yogwiritsidwapo kale, aiyese asanalipire: aitsegule pa kompyuta, asiye chogwiriracho, aone ngati kachizindikiro kakuima pakati osagwedezeka.

Ndalama zikadzapezekanso, chachiwiri kugula chikhale zopondera. Pansi ndege yaing'ono imawongoleredwa ndi mapazi, ponyamuka imakokera kumanzere ndipo imafuna phazi lamanja, ndipo kutera mphepo ikuwomba m'mbali ndi ntchito ya mapazi ndi dzanja pamodzi. Kupotokola joystick kumaphunzitsa mutu zimenezi koma mapazi amakhala osaphunzira.

Pa pulogalamu, dzina lomwe ana onse amalidziwa ndi Microsoft Flight Simulator, yomwe inayamba mu 1982. Ya 2020 ndi yokongola zedi, koma kuikopera kumafuna magigabaiti oposa 100, ndipo ya 2024 imakoka mapu pa intaneti nthawi yomwe ukuuluka. Imafunanso kompyuta yamphamvu. Ndi bandulo yathu komanso magetsi athu ozimazima, iyi si ya ife panopa. X-Plane 12 ili ndi gawo loyesera laulere, koma limatha pa mphindi 15. FlightGear ndi yaulere kuyambira m'ma 1990, lamulo lake limalola kuikopera pa fulashi n'kupatsa mnzako, imayenda pa Windows ndi Linux, ndipo imabwera ndi Cessna 172. Mapu a chigawo cha kum'mwera akakoperedwa kamodzi, intaneti safunikanso. Minda ya tiyi ya ku Lujeri sioneka bwino ngati pa chithunzi, koma phiri lili pamalo pake ndi msinkhu wake, ndipo ndi zomwe samu yathu ikufuna. Iikidwe pa laputopu kuti magetsi akazima phunziro lithe ndi batire.

Aphunzitsi a ndege amadandaula ndi chizolowezi chimodzi cha ana okulira pa mapulogalamuwa: maso amangokhala pa zida, osayang'ana kunja, pamene wophunzira woyamba amayenera kuuluka poyang'ana pomwe thambo lakumana ndi dziko. Sikirini sipereka kulemera komwe thupi limamva ndege ikakhota. Mankhwala ake ndi dongosolo. Ana akhale awiriawiri, wina pa joystick, wina ndi mapu, wotchi ndi mndandanda wa zoyenera kuona, akuwerenga mokweza m'Chingerezi, chomwe ndi chiyankhulo cha pa wailesi ya ndege za pakati pa mayiko. Ulendo uliwonse uwerengedwe pa pepala usanayambe, ndipo ulembedwe mu kope ukatha. Nthawi yake isalowerere makalasi kapena swala, ndipo pakhale mphunzitsi.

Mndandanda wa mayina usinthanitse atsikana ndi anyamata, chifukwa tikangosiya chitseko chotsegula tikudziwa amene adzathamangire mpando. Mu March 2017 Kaputeni Yolanda Kaunda ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege ya kampani ya dziko lino kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito onse m'ndegemo ali amayi.

Si onse amene adzakhale pa mpando wa kutsogolo, ndipo ambiri sadzatero. Ndege imafunanso owongolera ali pa nsanja, amakaniko ndi oona zanyengo. Palinso ndege zing'onozing'ono zopanda munthu: mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oziyesera ku Kasungu, ndipo mu January 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa, mogwirizana ndi Virginia Tech ndi yunivesite ya MUST yomwe ili kwa anansi athu ku Thyolo. Amene anaona namondwe Freddy mu March 2023, misewu ndi milatho itaduka kuno ndi ku Phalombe, midzi ina ikufikiridwa ndi helikopita zokha, akudziwa ntchito ya munthu wotha kujambula mapu a madzi osefukira kuchokera m'mwamba.

Pempho lathu ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi ndi joystick imodzi, laputopu imodzi mwa zomwe zilipo, ndi ola limodzi kawiri pa sabata kwa teremu imodzi. Phunziro loyamba likhale kugwira ndege pa mafiti 6,000, mphuno italoza madigiri 120, kwa mphindi 5, osakwera kapena kutsika kupitirira mafiti 100. Pakutha kwa teremu komiti ione makope a maulendo ndi malikisi a Masamu a ana amenewo, ndipo iweruze ngati tipitirize.