Galimoto siimva ludzu, funsani komwe madzi akupita

Amalume anga a ku Migowi ali ndi kapikapu kakale ka petulo komwe kwathu timakatcha "Mayi wa ana". Dzinali si lamasewera. Fizi ya asuweni anga awiri imachokera kumbuyo kwa kagalimotoka. Nyengo ya nandolo kamatuta matumba kupita ku Limbe, pobwerera n'kutenga malata ndi simenti za anthu.

Chaka chatha mu Okutobala ndinakwera nawo. Tisananyamuke ndinaona akulonga zigubu zitatu za malita 5 kuseri kwa mpando.

"Amalume, madzi onsewa ndi akumwa?"

"Mphwanga, imeneyi imamva ludzu. Tithira pa Phalombe boma, tikathirenso pa Chitakale, basi tafika."

Pa Chitakale sitinafike. Tikuyandikira Likhubula, singano ya geji inalowa pofiira, nthunzi n'kuyamba kufuka pa boneti. Mwayi wake anathimitsa injini nthawi yomweyo.

Anzanga, galimoto siimwa madzi. Madzi oziziritsa injini amangozungulira m'njira yotsekeka: kuchoka mu rediyeta, kulowa mu injini, kubwereranso. Ngati mukuthira sabata iliyonse, ndiye kuti penapake akuthawa.

Makaniko yemwe tinamuitana anabwera pa kabaza wa njinga yamoto. Anadikira kuti injini izizire, n'kudzaza rediyeta, kenako anamangirira kapampu pakamwa pake n'kupopa. Posakhalitsa timadontho tinayamba kuoneka pomwe intake manifold imakumana ndi hedi ya injini.

Manifold ndi chitsulo cha nthambi chomwe chimagawira mpweya ku masilinda. Pa injini zambiri zakale, ngati ya amalume, madzi otentha amadutsa m'kati mwake, ndipo chomwe chimawaletsa kutuluka ndi gasiketi yopyapyala. Pa magalimoto ambiri atsopano manifold imakhala ya pulasitiki ndipo madzi salowamo, koma timapaipi ta madzi timafika pa throttle body yomwe ili pakhomo pake. Kapaipi kamodzi kakang'aluka, kudontha kwake kumaoneka ngati kwa manifold. N'chifukwa chake kupima kumayamba, kugula sipeya kumabwera pambuyo.

Atamasula, tinaona chomwe chinachitika. Gasiketi inali itafumbwa, ndipo aluminiyamu ya m'mbali mwa kabowo ka madzi inali itadyeka ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Choyambitsa? Zaka zambiri za madzi a pamjigo. Madzi wamba amabweretsa dzimbiri ndipo amasiya mchere m'njira za injini. Coolant, uja wobiriwira kapena wofiirira, ali ndi mankhwala oteteza zitsulo. Komanso madzi okha amawira pa madigiri 100, pomwe coolant wosakaniza theka ndi theka, wotsekeredwa ndi chivindikiro chabwino cha rediyeta, amapirira kupitirira madigiri 120.

Inuyo mutha kugwira vutoli lisanakugwireni panjira. M'mawa injini isanalizidwe, yatsani tochi ya foni yanu muunike m'mbali mwa manifold. Mukaona zoyera kapena zamtundu wa coolant zitauma ngati chikungu, jambulani, mudzaonenso patatha masiku awiri. Nunkhizani: coolant wotentha amanunkha motsekemera. Solani chopimira oyilo. Ngati oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, kapena ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha, madzi akulowa m'kati. Pamenepo osayendetsanso.

Kakonzedwe kake si kamatsenga, koma kamafuna kudekha. Makaniko amakhetsa madzi, kumasula manifold, kupala zotsalira za gasiketi yakale mosakanda chitsulo, n'kuika rula yachitsulo pamwamba kuti aone ngati sipanapindike. Podyeka pang'ono owotcherera aluminiyamu amatha kudzaza n'kusalaza. Pakadyeka kwambiri, kapena ya pulasitiki ikasweka, gulani ina. Gasiketi ikhale yatsopano, osati yakale yopakidwa silikoni. Mabawuti amamangidwa pang'onopang'ono kuyambira apakati kupita kunja, ndi sipanala yopima mphamvu, chifukwa kukoka ndi mphamvu zonse kumapinda chitsulo. Pomaliza amathira coolant, kutulutsa mpweya wotsalira m'mapaipi, ndipo ngati madzi analowa mu oyilo, oyiloyo ndi fyuluta yake zisinthidwe.

Nanga zija za pasiteji, zoti swerani dzira mu rediyeta kapena thiranimo fodya? Mwina zingatseke kabowo kwa tsiku limodzi, koma zimatsekanso timipata ta rediyeta. Guluu wa zitsulo naye ndi wokufikitsani kunyumba basi, osati wokhala naye chaka.

Ziwiri izi musaiwale. Osatsegula chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi amatumphuka n'kukusupulani nkhope. Ndipo coolant ndi poizoni, koma amatsekemera. Osamusunga m'botolo la zakumwa pomwe ana angafikire, osamusiyanso m'beseni pomwe agalu ndi nkhuku zingamwe.

Ife tinagona masiku awiri tikudikira manifold kuti ikawotcheredwe. Nandolo anapita pa lole yahayala, phindu la ulendowo n'kuthera momwemo. Makaniko anawauza amalume mosabisa: "Bwana, mukanangoyenda kamtunda kena, hedi ikanapindika. Bwenzi tikukamba zotsitsa injini."

Amalume anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti fizi ya teremu ino ikanathera pompano."

Masiku ano kuseri kwa mpando kuli chigubu chimodzi chokha, cha madzi akumwa. Inuyo ngati mwayamba kuyenda ndi zigubu, kaya ndi Sienta ya ganyu kaya galimoto ya bambo anu, pitani akaipime sabata ino. Safunsa anadya phula.