Za Masewera: Mphunzitsi Woletsa Liwiro

Sabata ino danga la masewera likamba za anthu amene saoneka pa zithunzi tsiku la mpikisano, ndiwo aphunzitsi a opalasa njinga ndi a masewera ochedwa triathlon. Ambiri aganiza kuti nchito ya mphunzitsi wotere ndiyo kuima m'mbali mwa mseu ndi kupfuula kuti mnyamata wake aonjeze liwiro. Koma m'masewera a mtunda wautali, m'mene munthu akhala pa njira maola 5 kapena 8, nchito yaikulu ya mphunzitsi ndiyo kuletsa. Mnyamata wofuna kupambana safunika womkankha, pakuti adzikankha yekha kufikira atagwa. Afunika munthu womgwira malaya.

Triathlon ndi masewera atatu olumikizana: kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, zonse tsiku limodzi popanda kupuma pakati. Anayambira mu mzinda wa San Diego ku America m'caka ca 1974. Mu February 1978 amuna 15 anasonkhana ku zilumba za Hawaii kuyesa mpikisano woopsa koposa, umene anaucha Ironman: kusambira m'nyanja makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, ndiye ulendo wonga wocokera ku Chipata kufika ku Lundazi, ndipo potsika pa njinga kuthamanga makilomita 42. Anatsiriza ndi 12, ndipo woyamba, Gordon Haller, anatha maola 11 ndi mphindi 46. Kuyambira 1981 mpikisanowu unasamukira ku Kona, pa cilumba cacikulu ca Hawaii, kumene mseu upita pakati pa miyala yakuda yotentha ndiponso mphepo iwomba mwamphamvu.

Mu February 1982 mtsikana wina, Julie Moss, anali patsogolo pa akazi onse ku Kona pamene miyendo yake inakana, atatsala pang'ono kufika. Anagwa, nadzuka, nagwanso. Mnzake Kathleen McCartney anampitirira, ndipo iye anatsiriza cokwawa ndi manja ndi maondo. Pakati pa anthu amene anaona zimenezi pa wailesi ya kanema panali mnyamata wa ku California dzina lake Mark Allen, wobadwa mu 1958, amene anali katswiri wosambira ali pa sukulu. M'malo mocita mantha, iye anakhumbira, ndipo mu October caka comweco anapita ku Kona.

Allen anakulira m'mwambo wa osambira wakuti tsiku liri lonse munthu ayenera kuturuka m'madzi atatheratu. Mwambo womwewo anauika pa njinga ndi pa kuthamanga. Monga iye mwini anafotokozera pambuyo pake, anali kupambana mipikisano ina, koma anali wotopa nthawi zonse, wobvulala-bvulala, wodwala-dwala. Pamenepo ndipo anakumana ndi Phil Maffetone, sing'anga wa ku New York woongola msana ndi mafupa, amenenso anali kulangiza othamanga. Maffetone anammanga pacifuwa kacipangizo kowerenga kugunda kwa mtima, nampatsa lamulo limodzi: pokonzekera, mtima usagunde koposa ka 155 pa mphindi imodzi. Ciwerengero cimeneci anacipeza pocotsa zaka za munthu pa 180.

Lamuloli linali la manyazi kwa munthu wochuka. Allen, amene anazolowera kuthamanga mailo imodzi m'mphindi 5 ndi theka, anapeza kuti ayenera kutha mphindi 8 ndi masekondi 15 kuti mtima ukhale pansi pa malire. Pa citunda anali kuleka kuthamanga ndi kuyenda cabe. Koma anamvera. Itapita miyezi 4 liwiro lake linakwera, mtima uli kugunda cimodzi-modzi. Ndipo cisanathe caka anali kuthamanga mailo imodzi m'mphindi 5 ndi masekondi 20, mtima osapitirira 155. Liwiro limene kale linali kumtha mpweya tsopano linali lakuti angathe kuligwira nthawi yaitali.

Cifukwa cake sicobvuta kumva kwa munthu amene asonkha moto. Thupi liri ndi nkhuni za mitundu iwiri. Shuga wosungidwa m'minofu ndi m'ciwindi ali ngati udzu wouma: ayaka msanga ndi malawi akulu, koma pa liwiro lalikulu atha m'maola osakwana 2. Mafuta a m'thupi ali ngati cikuni ca mopane: sacedwa kupezeka ngakhale mwa munthu woonda, ayaka pang'ono-pang'ono, ndipo angathe kufunditsa usiku wonse. Munthu amene akonzekera ndi liwiro lalikulu masiku onse aphunzitsa thupi lake kudalira udzu. Amene akonzekera mofatsa kwa maola ambiri aliphunzitsa kusonkha cikuni, ndi kusunga udzu kuti ugwire nchito pa citunda cotsiriza. Kuonjezera apo, kukonzekera kofatsa kucurukitsa timitsempha ta magazi m'minofu, ndiponso kukuza mtima kotero kuti pa kugunda kumodzi utumiza magazi ambiri. Mtima wa munthu wamba akapuma ugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Wa akatswiri a njinga kawiri-kawiri ugunda ka 40, mwina kucepera.

Pano ayenera kucenjezedwa amene angaganize kuti lamulo la mphunzitsi ndi mankhwala ogwira tsiku lomwelo. Allen anapita ku Kona ka 6 osapambana. Kumeneko kunali mwini bwalo, Dave Scott, amene anapambana Ironman wa ku Hawaii ka 6 pakati pa 1980 ndi 1987. Mu 1984 Allen anatsika pa njinga ali kutsogolo kutali, koma anafooka pothamanga ndipo Scott anampitirira. Mu 1987 anatsogolanso, nayamba kuyenda, ndipo tsikulo linathera m'cipatala. Kudekha kumene anaphunzira pokonzekera anali asanakuphunzire pa tsiku la mpikisano. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Mu October 1989 anasintha. Sanayese kuthawa. Anasambira pambuyo pa Scott, napalasa njinga pambuyo pake, ndipo pothamanga anayenda naye phewa ndi phewa, osalankhulana, kwa makilomita oposa 35. Pa citunda cotsiriza, patatsala ngati makilomita 3, ndipo Allen anaonjeza liwiro. Anatsiriza m'maola 8 ndi mphindi 9, Scott ali pambuyo ndi masekondi 58 cabe. Allen anapambananso mu 1990, 1991, 1992 ndi 1993. Mu 1995, ali ndi zaka 37, anatsika pa njinga atasiyidwa ndi mnyamata wa ku Germany, Thomas Hellriegel, ndi mphindi 13. Anamlondola mosapupuluma, nampeza, napambana kacisanu ndi cimodzi.

Ciwerengero ca Maffetone si lamulo la Mose. Mitima ya anthu isiyana, ndipo anthu awiri a zaka zofanana angakhale ndi malire osiyana kwambiri. Koma maziko ake anatsimikizika pamene Stephen Seiler, wa ku America wogwira nchito pa yunivesite ku Kristiansand m'dziko la Norway, anafufuza mabuku a zokonzekera a akatswiri a masewera a mtunda wautali. Anapeza kuti pa maulendo 10 okonzekera, ngati 8 ali ofatsa, ndipo 2 okha ndiwo owawa. Colakwa ca ongoyamba ndico kukhala pakati masiku onse: tsiku lofatsa alicita mothamanga, motero tsiku lowawa likafika alibe mphamvu yolicita bwino.

Dziko lomwelo la Norway, la anthu osakwana 6 miliyoni, laonetsa za mphunzitsi wodekha. Arild Tveiten anatenga anyamata ali ang'ono, nawalera zaka zambiri, ndipo pambuyo pake injiniya Olav Aleksander Bu anathandiza pa nchitoyo. Iwo anali kubaya khutu kapena cala ca mnyamata pakati pa kukonzekera, natenga kadontho ka magazi, nayesa cinthu cochedwa lactate, cimene cicuruka m'magazi munthu akapitirira muyeso. Cikakwera, mnyamata anali kuuzidwa kucepetsa, ngakhale iye anene kuti akali ndi mphamvu. Mu April 2018 ku Bermuda, anyamata atatu a ku Norway, Casper Stornes, Kristian Blummenfelt ndi Gustav Iden, anatenga malo onse atatu oyamba. Blummenfelt anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympic ku Tokyo mu July 2021, napambana mpikisano wa Ironman wa dziko lonse ku St. George mu May 2022. Iden anapambana ku Kona mu October 2022 m'maola 7 ndi mphindi 40. Mu September 2025 ku Nice, m'dziko la France, atatu omwewo anatenganso malo atatu oyamba, Stornes ali patsogolo.

Kumene kulibe woletsa, mtengo wake ungakhale moyo. Pa 13 July 1967, mu mpikisano wa njinga wa Tour de France, umene utenga masabata 3, Tom Simpson wa ku Britain anali kukwera phiri la Mont Ventoux dzuwa liri kuswa mtengo. Anali atadwala m'mimba kwa masiku, ndipo anali atamwa mapilisi a amphetamine obisa kutopa, pamodzi ndi mowa. Anadzandira, nagwa, anamkwezanso pa njinga, napita pang'ono, nagwanso, ndipo sanadzukenso. Anali ndi zaka 29. Kutopa ndi mlonda wa thupi, ndipo mankhwala otere amanga mlondayo pakamwa. Aphunzitsi ndi madokotala ena asankha njira yacinyengo: mu 2012 Lance Armstrong analandidwa zipambano zake zonse 7 za Tour de France, ndipo dokotala amene anali kumlangiza, Michele Ferrari, analetsedwa nchito ya masewera kwa moyo wake wonse.

Tsono mphunzitsi wa pa sukulu ya kumudzi, amene ali ndi anyamata ndi atsikana okonda kuchova njinga koma alibe zipangizo za ku Norway, angacite ciani? Zambiri. Zala ziwiri ndi nkoloko zikwanira. Mwana akangotsika pa njinga, mphunzitsi agwire mtsempha wa pa dzanja, awerenge kugunda kwa masekondi 15, acurukitse ka 4. Ngati nkoloko palibe, pali muyeso wina wakale: pa ulendo wofatsa, opalasa awiri ayenera kukhoza kukambirana nkhani yathunthu osadukiza mau. Akayamba kuyankhana ndi liu limodzi-limodzi, apitirira muyeso. Maulendo owawa, monga kukwera citunda mobwereza-bwereza, akhale awiri cabe pa sabata, osatsatizana, ndipo tsiku limodzi likhale lopuma. Thupi silikula pa njinga ai. Likula pogona ndi pakudya, pamene likonza zimene njinga inaononga. Mlimi amene aphunzitsa ng'ombe zazing'ono kukoka khasu adziwa kale zimenezi: sazimanga m'goli tsiku lonse pa sabata yoyamba.

Mphunzitsi wa kumudzi ayeneranso kuwerenga cinthu cimene wa ku Ulaya sawerenga. Mnyamata amene wapalasa makilomita 30 ndi matumba a makala kapena cimanga m'mawa wakonzekera kale, ngakhale iye acha zimenezo nchito. Mtsikana amene watunga madzi, nasinja, nalima mizere yake, sali wopuma. Kuika ulendo wowawa pamwamba pa tsiku lotere ndiko kuononga mwana.

Za cakudya sizifuna ndalama zambiri. Nsima, mbatata, mpunga ndi cinangwa ndizo zibweza shuga m'minofu. Nyemba, nsawawa, mazira ndi kapenta zikonza minofu yotopa. Pa ulendo wopitirira ola limodzi ndi theka, wopalasa ayenera kudya ali pa njira, asanamve njala: nthoci, kambatata kophika, kapena thobwa m'botolo. Madzi amwe pang'ono-pang'ono, ndipo pa ulendo wautali wa thukuta lambiri aikemo kamcere ndi shuga. M'miyezi ya October ndi November, maka-maka ku cigwa ca Luangwa, maulendo atali acitike mbanda kuca. Mwana akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kusanza pa dzuwa, ulendo wathera pomwepo: amuike pa mthunzi, amthire madzi thupi lonse, ndipo apite naye ku cipatala msanga.

Masabata awiri otsiriza mpikisano usanafike ndiyo nthawi imene mphunzitsi ayesedwa koposa, pakuti ana acita mantha nafuna kuonjeza. Akatswiri acita zosiyana: acepetsa maola a kukonzekera kufika ngati theka, nasiya timaulendo tifupi ta liwiro kuti miyendo isaiwale.

Cotsiriza ndi kabuku. Mwana ali yense awerenge mtima wake m'mawa asanadzuke pa mphasa, kwa mphindi yathunthu, nalembe. Patapita masabata awiri adzadziwa ciwerengero cake ca masiku onse. Tsiku limene cakwera ndi ka 8 kapena ka 10, thupi liri kunena kuti silinapume kapena matenda ali pafupi, ndipo tsiku limenelo njinga ikhale m'nyumba. Wotentha thupi asapalase konse, cifukwa matenda ena a cimfine angalowe m'mnofu wa mtima. Wocira malungo, ngakhale atsirize mankhwala ake onse, akhala ndi magazi ocepa kwa masabata angapo; ayambenso ndi maulendo afupi ndi ofatsa, ndipo asalembedwe pa mpikisano kufikira a ku cipatala atamuona.