Nkhope Zathu pa Makoma a Eni Ake (Gawo Lachiwiri)

M'gawo loyamba tinaona kuti kwa zaka mazana akatswiri ojambula a ku Ulaya ankaika munthu wakuda kumbuyo kwa chithunzi, atanyamula mbale kapena ambulera ya bwana wake. Lero tione za mmisiri amene anamutulutsa kumbuyoko, ndiponso mtengo wa ntchito yakeyo.

Amoako Boafo anabadwira ku Accra, m'dziko la Ghana, m'chaka cha 1984. Anaphunzira zojambula kwao pa sukulu ya Ghanatta, kenaka ku Vienna. Zovala za anthu ake amazijambula ndi burashi monga ena onse, koma akafika pa khungu amaika burashi pansi, naviika zala zake m'utoto. Ndiye chake nkhope zake zimaoneka ngati zoumbidwa ndi dothi lamtapo, mikwasa ya zala ili poyera. Anthu akewo sapempha chifundo ai. Amakupenyani m'maso, atavala bwino, ali phee pao.

Tsono nkhani ili pa msika. Mu February 2020, pa okushoni ya Phillips ku London, chithunzi chake chotchedwa The Lemon Bathing Suit chinagulidwa mapaundi 675,000. Amene anachigulitsayo anali atachigula chaka chathacho ndi madola osakwana 25,000. Phindu lalikululo silinapite kwa mwini zala. Mwana wa mlimi wa fodya safuna mphunzitsi kuti amvetse zimenezi.

Koma chondidandaulitsa koposa si ndalama. Chithunzi chikalowa m'nyumba ya munthu wachuma ku London kapena New York, mwana wa sukulu wa ku Accra, amene nkhope yake ikufanana nacho, adzachiona liti? Ngakhale Tutu, chithunzi chotchuka chimene Ben Enwonwu wa ku Nigeria anajambula mu 1974, chinasowa zaka zambiri, nichikapezeka m'nyumba ina ku London. Anachigulitsa komweko mu 2018 pa mtengo woposa mapaundi miliyoni.

Ena ayamba kubweza mkuwo. Mu November 2022 nyumba ya Zeitz MOCAA ku Cape Town inatsegula chionetsero chotchedwa When We See Us, motsogozedwa ndi mai Koyo Kouoh, amene anatisiya mu 2025. Anasonkhanitsa zithunzi za anthu akuda zojambulidwa m'kati mwa zaka zana, kuti zionedwe pa nthaka ya Africa. Chaka chomwecho Boafo anatsegula dot.ateliers ku Accra, malo oti amisiri anzake azigwiriramo ntchito. Za malo amenewa tidzakamba m'gawo lachitatu.