Luso la Manja: Dontho Lobisala M'boti

Pa nyanja ya Kariba, imene inapangika damu litamalizidwa mu 1959 pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, pali maboti aakulu amene alendo amagonamo, kuphikiramo ndi kusambiramo. Achinyamata ambiri a ku Siavonga ndi m'tauni ya Kariba amapezera mkate wawo m'mabotiwa. Aliyense wa iwo amene anagonapo m'boti loterolo amalidziwa phokoso limene limasowetsa tulo: pampu ya madzi imalira mwakanthawi pakati pa usiku, nkukhala chete, kenaka nkuliranso, chikhalirecho palibe watsegula mpopi.

Pampuyi imayaka yokha mphamvu ya madzi m'mapaipi ikachepa. Choncho ikamalira mipopi yonse ili yotseka, ndiye kuti madzi akuthawira kwina. Kunyalanyaza kulirako kumabweretsa mavuto atatu nthawi imodzi: madzi akumwa amatha boti lili kutali ndi doko, batire imaphwa, ndipo matabwa a pansi amayamba kuwola mwakachetechete.

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira sipanala. Amayamba watseka valavu imene imalowetsa madzi ozizira m'thanki ya madzi otentha, nakhala pansi kumvetsera. Pampu ikaleka kulira, vuto lili ku mbali ya madzi otentha, ndipo theka la ntchito latha. Ikapitiriza kulira koma osaoneka chinyontho paliponse, kawirikawiri wolakwa amakhala kavalavu ka m'kati mwa pampu momwemo, kamene kamabweza madzi ku thanki yaikulu.

Pa nyanja yamchere, madzi opezeka m'mimba mwa boti amadziulula okha ngati alowa kuchokera kunja. Pa Kariba kapena pa nyanja ya Malawi chinyengo chimenechi sichigwira, pakuti madzi a kunja ndi a m'thanki onse alibe mchere. Mmisiri amapukuta malo onse mpaka kuuma gwa, nakulunga pepala lofewa pa mfundo iliyonse ya paipi. Ena amawaza ufa pansi, chifukwa dontho likayenda limasiya kanjira pa ufawo. Chofunika kukumbukira n'chakuti madzi amatsetsereka ndi paipi mtunda wautali asanagwe, motero pamene panyowa si pamene pabowoka. Kanjirako kayenera kulondoledwa chokwera mpaka pa malo omalizira onyowa.

Mbali ya madzi otentha ili ndi khalidwe lakelake. M'maboti ambiri, madzi amatenthetsedwa ndi injini: paipi yopindapinda imadutsa m'kati mwa thanki itanyamula madzi oziziritsa injini, amene amafika madigiri 80 kapena kupitirira. Madzi akatentha amafufuma. Malita 40 akachoka pa madigiri 20 kufika pa 80 amawonjezeka ndi pafupifupi lita imodzi, ndipo litayo iyenera kupeza kolowera. N'chifukwa chake pa thankiyo pali valavu yotulutsa mphamvu ikachuluka. Kudontha kwake pang'ono injini ikutentha si matenda. Koma ikamadontha ndi pamene thanki yazizira, ndiye kuti mwalowa kamchenga kapena mphira yake yatha. Botolo lomangidwa kukamwa kwa paipi yake usiku umodzi limapereka yankho m'mawa. Kupotokola kachitsekero kake kangapo nthawi zina kumatsuka kamchengako. Zikakanika, pamafunika ina yofanana nayo mphamvu.

Pali amisiri a changu amene amangoitseka valavuyi ndi chitsekero kuti kudontha kuthe. Umenewu ndi mchitidwe woopsa, chifukwa thanki yosowa kopumira ikhoza kung'ambika ndi kuthira munthu madzi owotcha.

Nthawi zambiri wolakwa amakhala wamng'ono kuposa apa. Paipi ya pulasitiki imafewa ikatentha ndi kuuma ikazizira, ndipo kachitsulo komangira paipiyo kamakhwefuka pang'onopang'ono. Dontho lotere limaoneka pokhapokha madzi ali otentha, n'chifukwa chake kufufuza kumachitika kawiri: injini isanayake, ndiponso itayenda ola lathunthu. Pokonza, mmisiri amazimitsa pampu ndi magetsi a thanki, natsegula mpopi kuti mphamvu ithe, nadikira madzi azizire. Nsonga ya paipi imene yauma ndi kung'aluka amaidula, nalowetsa yatsopano, namanga ndi kachitsulo kosachita dzimbiri. Kumanga ndi lekeni ya chubu kungafikitse boti ku doko, koma sikukhalitsa pa moto.

Dontho loipitsitsa ndi limene silinyowetsa pansi. Paipi yopindapinda ya m'kati mwa thanki ikabowoka, madzi a pampu amakankhikira mu injini, ndipo kathanki ka madzi oziziritsa injini kamayamba kusefukira popanda wothiramo. Pampu ikazimitsidwa injini ili yotentha, zinthu zimatembenuka: madzi a injini, amene nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala apoizoni otchedwa ethylene glycol, amalowa m'madzi osamba ndi otsukira mbale. Mtundu wachilendo kapena kafungo konunkhira pa mpopi wa madzi otentha ndi chizindikiro chokwanira, ndipo palibe ayenera kuwalawa. Apa mmisiri amachotsa mapaipi awiri ochokera ku injini, nawalumikiza okhaokha kuti injini iziyendabe, natseka thankiyo kufikira itapezeka ina. Alendo amasamba madzi ozizira mpaka boti lifike ku Siavonga.